Wokonza Mawotchi wa ku Mbare

Pakhonde la sitolo, kuseri kwa msika wa Mbare,
ndili ndi katebulo, galasi la diso limodzi,
ndi mawotchi khumi ndi anayi amene eni ake sanabwerenso.
Iliyonse ikukamba zake.
Iyi ikuti kwacha, iyo ikulumbira kuti kwada,
ndipo palibe yogonjera inzake.

Anthu amafika ali wefuwefu:
Amdala, nthawi yanga yafa.
Ndimatsegula kachivindikiro.
Mumakhala fumbi la mabasi, thukuta louma,
mano a kagudumu atatha ngati anga.
Zaka makumi anayi ndikusuzumira m'mimba mwa mawotchi
koma nthawiyo sindinaipezemo,
ngakhale phazi lake.

Bambo anga a Jailosi anachoka ku Mtakataka
atalonjeza madzinja awiri okha:
njinga, malata asanu ndi atatu, basi ndabwera.
Sutukesi yawo inakhala pamwamba pa kabati
itayang'ana kukhomo.
Mukawafunsa, ankati mawa,
akanyanya ankati mkuja.
Mzinda unasintha dzina iwo ali chikhalire,
misewu inavula maina n'kuvala ena,
ndalama inaikira maziro ngati nkhuku yoweta bwino,
inafa, inabadwanso, inafanso.
Tinakawaika ku Mbudzi tsiku la mphepo.
Titatsegula sutukesi tinapeza malaya opisidwa bwino
ndi nsalu ya mlongo wawo amene anatisiya kalekale,
fungo la m'sitolo lisanachoke.
Kunja kunapita zaka makumi asanu.
M'katimo munali mukadali Lachisanu lomwe anagula.

Munakhalapo m'kombi pa Copacabana,
mukudikira kuti idzaze,
yoyandikana nayo n'kunyamuka?
Mtima umati myuu, umaona ngati ukubwerera m'mbuyo ndiwe,
umagwira mpando,
pomwe matayala ako sanasunthe n'pang'ono pomwe.
Ndiye ndimadzifunsa, ikuyenda ndi iti?
Timati chaka chatha, tsiku lapita,
ngati tinaliona likukwera basi ya ku Mufakose.
Kapena masiku onse ali chiimire m'malo mwawo
monga nyumba za mu mzere umodzi,
oyenda ndife, tikusuzumira zenera limodzi limodzi
n'kumati nyumba tadutsazo zagwa.

Okutobala akafika, jakaranda amathira maluwa m'misewu ya m'tauni.
Sindidziwa ngati ndi Okutobala wina
kapena yemwe uja wangotipezanso.

Dzana kunabwera Mayi Edinala a ku Mabvuku
ndi wotchi ya malemu amuna awo, yokulunga m'mpango.
Ndinatenga chotsegulira, iwo n'kundigwira dzanja.
Ayi, lamba yekhayo.
Inaima usiku umene anagonekedwa kuchipatala,
isiyeni pomwepo, ndi pamene ndimawapeza.
Ndinasoka lamba, sindinawalipiritse.
Anaivala, anayang'ana dzuwa,
n'kuthamangira kombi kuti angachedwe.

Koma ndisakunamizeni.
Ngati zonsezi n'chinyengo cha maso,
ndani akuchepetsa tizitsulo tanga chaka ndi chaka
mpaka kamodzi kakagwa ndimakafuna ndi maondo?
Ndani waika kunjenjemera m'zala izi?
Mdzukulu wanga Tariro samva bwino chinenero changa,
amandiyankha m'Chishona, akuseka,
n'kundionetsa nthawi pa foni yake,
yopanda mivi, yopanda phokoso,
yosafuna munthu ngati ine.

Madzulo ndimalongedza onse m'bokosi la nsapato.
Magetsi akathima, monga mwa masiku onse,
ndimawamva pansi pa bedi akutekesa ngati nkhululu,
ina kutsogolo, ina m'mbuyo,
ina itangoti zii.
Sindinawagwirizanitsepo.
Pamwamba pa kabati, sutukesi ija ikadalipo.
Mwezi wathawu ndinaikamo malaya anga awiri.